WONGA ULIBE CIBALE

Anzathu a m'makomboni, lero tifuna kukamba nanu za cinthu cimene ambiri a ife timaciyesa nkhani ya mabwana a m'maofesi, pamene zikalakwika oikidwa m'manda ndife. Cinthuco ndico lamulo la wonga wophulitsira miyala, pamodzi ndi laisensi imene munthu ayenera kukhala nayo asanaukhudze. Mkuwa wonse umene unatuluka ku Nkana, ku Nchanga, ku Mufulira ndi ku Kansanshi, simenti ya ku Chilanga, ngakhale miyala imene ili pansi pa tara wa miseu yathu, zonsezi zinayamba ndi munthu wina amene analonga wonga m'dzenje la thanthwe nayatsa. Munthu ameneyo amagona m'komboni monga inu ndi ife, ndipo ali ndi ana omuyembekeza madzulo. Cifukwa cace nkhani imeneyi ndi yathu.

Tinene msanga pamene tiima. Ife tifuna lamulo la wonga likhale lolimba ndi kutsatidwa tsiku ndi tsiku. Tifuna laisensi ya kuphulitsa ipatsidwe kwa munthu cifukwa ca nzeru zace pa nchitoyo basi. Kale anali kuyang'ana khungu la munthu, ndipo lero alipo ena amene afuna kuyang'ana thumba lace kapena m'bale wace. Zonse ziwirizi tizikana. Tidziwanso kuti alipo abale athu ena, makamaka a timigodi tating'ono ndi ophwanya miyala, amene amati malaisensi ndi msampha wa Boma wodyera ndalama za osauka. Mau ao sitiwataya iai, tiwayankha m'munsimu. Koma poyamba tiyeni tione kumene malamulowa anacokera.

MALAMULO ANALEMBEDWA PAMBUYO PA MALIRO

Kale m'migodi ya ku Cornwall, m'dziko la England, anchito anali kuthira wonga m'mapesi a udzu kapena m'nthenga za atsekwe, nayatsa, nathawa. Moto unali kuthamanga monga mwa kufuna kwace, nthawi zina msanga, nthawi zina mocedwa, ndipo ambiri anafa kapena kucita khungu. Mu 1831 munthu wina dzina lace William Bickford anapanga fyuzi, ndico cingwe cokhala ndi wonga pang'ono m'kati mwace, cimene cimapsa ndi liwiro lodziwika. Fyuzi ya mtundu umenewu imatenga pafupifupi mphindi 2 kuti mita imodzi ipse, tsono munthu angathe kuwerenga nthawi ya kuthawa kwace.

Pambuyo pace kunadza mafuta oopsa ochedwa naitorogiliserini, amene amaphulika ngakhale ndi kugwedezeka cabe. Mu 1864 nyumba imene banja la Nobel linali kupangiramo mafutawa ku Stockholm inaphulika, ndipo mng'ono wace wa Alfred Nobel, dzina lace Emil, anafera momwemo pamodzi ndi anthu ena. Nobel sanaleke. Anapeza kuti mafutawa akawasakaniza ndi dothi lina lopepuka amafatsa, ndipo mu 1867 analembetsa cinthu cimeneci ndi dzina lakuti dainamaiti. Mu October 1874 bwato lonyamula wonga linaphulika pa mfuleni wa Regent's Canal, m'kati mwa mzinda wa London. Caka cotsatira, 1875, Nyumba ya Malamulo ya ku England inakhazika lamulo la Explosives Act, lakuti mafakitale ndi mosungira wonga zikhale ndi laisensi ndi kuti oyendera a Boma aziloloka kulowamo. Maiko ambiri amene analamulidwa ndi Angelezi anatsata njira yomweyo.

Kuno ku Afirika phunziro linadza pa 19 February 1896. Ngolo za sitima zodzala ndi dainamaiti woposa matani 50 zinasiyidwa pa dzuwa masiku angapo pa siteshoni ya Braamfontein ku Johannesburg. Injini yokankha ngolo inazigunda. Anafa anthu oposa 60, ndipo nyumba zimene zinagwa kwambiri zinali za osauka a ku Vrededorp ndi Fordsburg, anthu oyera ndi akuda omwe. Kumbukirani cimeneci, anzathu. Nyumba zimene zimayandikana ndi njanje, ndi mgodi, ndi fakitale, kawirikawiri ndi nyumba za anchito.

KODI MWINI LAISENSI AYENERA KUDZIWA CIANI?

Ena amaganiza kuti kuphulitsa ndi nchito ya munthu wolimba mtima. Kulimba mtima kopanda nzeru ndiko kumene kumadzaza manda. Wonga wa m'migodi ya masiku ano suli ngati wa mfuti ya gogodela. Wambiri umapangidwa ndi amoniyamu naitireti, mankhwala omwe aja amene ali mu feteleza wina, magawo 94 pa 100, ndi mafuta a dizilo magawo 6. Msanganizo umenewu unayamba kufala m'zaka za m'ma 1950 cifukwa ndi wochipa. Wina uli ngati phala, ndipo amaupopera m'maenje kucokera m'malole. Wonga wotere suphulika msanga pa wokha. Cimene cimaudzutsa ndi detoneta, kacitsulo kakang'ono konga ndudu ya fodya, kamene kangadule zala zonse za munthu ngakhale kali kokha m'dzanja.

Cifukwa cace lamulo loyamba ndi lakuti madetoneta ndi wonga zisagone m'cipinda cimodzi, ndipo zisayende m'bokosi limodzi. Zimakomana pa dzenje pokha, m'manja mwa mwini laisensi. Potsendera wonga m'dzenje agwiritse ndodo ya mtengo, pakuti citsulo cikakhula thanthwe cimatulutsa moto. Fodya ndi macisi zikhale kutali. Pa mgodi wa pamtunda, mitambo ya mvula ikayamba kugunda, nchito yolonga iime ndipo anthu acoke, pakuti mphezi ingathe kuyatsa zonse nthawi isanakwane. Asanayatse aike alonda pa njira zonse zolowera, alize cenjezo, aonetsetse kuti munthu wotsiriza watuluka.

Pambuyo pa kuphulika ndi pamene pagona ngozi imene yapha ambiri. Dzenje lina limakana. Lingakhale ciri cete, koma moto uli kuyenda pang'onopang'ono m'fyuzi yonyowa kapena yopindika. Malamulo a maiko ambiri amati munthu adikire theka la ora asanayandikire dzenje lotere. Dzenje lina limaphulika kukamwa kokha, ndi kusiya wonga kumatako kwace. M'mawa mwace woboola akaika jekihama pa cibowo cakaleco pofuna kufulumira, cifukwa nsonga ya citsulo imakhala bwino pamenepo, ndiye kuti waboola manda ace. Mwini laisensi ayenera kutsuka nkhope yonse ya thanthwe ndi madzi, kufufuza cibowo ciri conse, ndi kuikapo cizindikiro coti ali yense aone.

Palinso utsi. Wonga ukaphulika umasiya mipweya iwiri yakupha. Wina ulibe fungo kapena maonekedwe, ndi womwe uja umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Wina ndi wofiirira, ndipo ucenjezi wace ndi wakuti munthu angaupume m'mawa, natsokomola pang'ono, napita kunyumba ali bwino, koma usiku mapapo ace nadzala madzi. Ndico cifukwa cace pali nthawi yoikika imene anthu saloledwa kubwerera kumalo ophulitsidwa kufikira mphepo itacotsa utsi wonse. Kapitao amene alowetsa anthu nthawi isanakwane cifukwa cofuna bonasi ali kugulitsa mapapo a anzace.

Izi zonse ndizo zimene laisensi icitira umboni. Pepalalo linena kuti munthu uyu waphunzira, wagwira nchito pansi pa wodziwa, wayesedwa, ndipo ngati alakwa Boma lidziwa womufunsa. Mmisiri wa matabwa akalakwa, citseko cimapendeka ndipo amacikonza mawa. Wophulitsa akalakwa, madzi atayika, saoleka.

PAMENE LAISENSI INALI MPANDA WA KHUNGU

Sitidabwa kuti anthu athu ena amaikayikira laisensi, pakuti makolo athu anaona pepala lomweli likusandulika mkwapulo. Ku South Africa, kumene amuna ambiri a maiko ano anapita ndi Wenela, malamulo a pansi pa Mines and Works Act ya 1911 anatsekera anthu akuda kunja kwa satifiketi ya kuphulitsa. Mu 1923 khoti linaweruza kuti cotsekereza cotere cinalibe mphamvu ya lamulo. Boma silinacite manyazi, koma mu 1926 linakonza lamulolo kuti mpanda wa khungu ulembedwe poyera. Munthu wakuda anali kunyamula wonga, kuulonga, kuyatsa fyuzi ndi kupuma utsi, koma satifiketi ndi malipiro ace zinali za Mzungu. Mpanda umenewu unakhala kufikira 1987, pamene cigwirizano ca National Union of Mineworkers, cimene mlembi wace wamkulu anali Cyril Ramaphosa, cinali citakula mphamvu. Anthu akuda anayamba kulandira masatifiketiwo mu 1988.

Kuno kwathu, m'masiku a Northern Rhodesia, cinyengo cinali ca mtundu wina. Akapitao ambiri Aciafirika a ku Copperbelt anali nayo laisensi ya kuphulitsa, koma anali kuchedwabe "boyi", ndipo malipiro ao anali kacigawo kakang'ono ka malipiro a Mzungu woimirira pambali. Azungu a m'migodi anapanga cigwirizano cao mu 1936, ndipo pa nthawi ya nkhondo yaciwiri anaumiriza makampani kuti nchito zao zisapatsidwe kwa munthu wakuda. Mu 1940 anchito Aciafirika a ku Nkana ndi Mufulira anacita sitalaka kufuna malipiro oyenera, ndipo ku Nkana asilikali anaombera, anthu 17 nafa. Bungwe lofufuza la Dalgleish linanena mu 1948 kuti pali nchito zambiri zimene Aafirika angathe kuzigwira, koma mau ace anagona m'kabati. Mu 1949 kunabadwa cigwirizano ca anchito Aciafirika a m'migodi, mtsogoleri wace Lawrence Katilungu, ndipo mu 1955 makampani ndi Azungu analola kupereka mitundu 24 ya nchito kwa Aafirika.

Tsono taonani bwino cimene makolo athu anali kumenyera. Sanapite ku Boma kukapempha kuti mayeso acotsedwe. Iwo anati, tiyeseni ndi mayeso omwewo, ndipo tikapambana mutilipire monga mulipira anzathu. Anali kuidziwa ngozi ya wonga koposa wina ali yense, cifukwa inali m'manja mwao tsiku ndi tsiku. Munthu amene lero agula laisensi ndi ciphuphu, kapena kalaliki amene aigulitsa, anyoza anthu amene anamenyera ulemu wa pepala limeneli.

CHAMBISHI, 20 APRIL 2005

Titalandira ufulu mu 1964, dziko lathu linakhazika lamulo lace la wonga, Explosives Act ya 1974, imene inalembedwa monga Mutu 115 wa Malamulo a Zambia. Lamuloli linati munthu asapange wonga, asaulowetse m'dziko, asausunge kapena kuphulitsa nao popanda cilolezo, ndipo nchito yoyang'anira inapatsidwa kwa oyendera a Boma a Mines Safety Department ku Kitwe. Ndi lamulo labwino poliwerenga. Koma pa 20 April 2005, lamulolo litakhala zaka 31 m'mabuku, fakitale yopanga wonga ya BGRIMM ku Chambishi inaphulika. Anafa anchito osacepera 46, onse ana a Zambia, ambiri a iwo anyamata ndi atsikana olembedwa ngati aganyu. Manda ao ali m'mbali mwa mseu wa Kitwe ndi Chingola, ndipo ali yense wopita pa basi angathe kuwaona.

Eni a fakitaleyo anali a ku China, koma ife sitiika mlandu pa mtundu wa anthu. Eni migodi a mitundu yonse, oyera, akuda ndi ena onse, amacita cimodzimodzi pamene aona kuti palibe wowayang'ana. Funso lathu lipita kwa Boma lathu ndi kwa ife eni. Nzeru ya kumanga fakitale ya wonga ndi yakale ndiponso yodziwika. Nyumba zogwiriramo nchito zimamangidwa motalikirana, ndi zitunda za dothi pakati pace, ndipo pa khomo la nyumba iri yonse amalemba kucuruka kwa wonga ndi ciwerengero ca anthu ololedwa kukhalamo nthawi imodzi. Colinga cace ndi cakuti ngozi ikagwa, ithere m'nyumba imodzi ndi pa anthu ocepa. Pamene anthu 46 afa tsiku limodzi, ngakhale mwana wa sukulu angaone kuti anthu ambiri anali pafupi ndi wonga wambiri.

Ndiponso tiganize za uganyu. Waganyu amalembedwa lero, nacotsedwa mawa popanda mlandu. Munthu wotere angakane bwanji pamene kapitao amuuza kulowa m'malo oopsa? Kunyumba kuli njala, ndipo pa geti pali anzace 100 odikira malo ace. Mu 2011 bungwe la Human Rights Watch linafalitsa lipoti la migodi ina ya mkuwa ya ku Copperbelt, m'mene anchito anasimba kuti anali kuopsezedwa ndi kucotsedwa nchito akakana kugwira pa malo angozi. Lamulo la wonga silingayende pa malo pamene wanchito aopa kutsegula pakamwa.

Ena a ife tinagwirapo ukalaliki pa mgodi, ndipo tidziwa m'mene buku la magazini, ndiyo nyumba yosungiramo wonga, liyenera kukhalira. Bokosi liri lonse lolowa lilembedwe, detoneta iri yonse yotuluka ilembedwe pamodzi ndi dzina la woitenga, ndipo zotsala zibwezedwe tsiku lomwelo ndi kulembedwanso. Tidziwanso m'mene buku lomwelo limanamira. Pa malo ena masiginecha a sabata yathunthu amaikidwa tsiku limodzi ndi colembera cimodzi, pamene mbiri yamveka kuti insipekitala ali kudza. Insipekitala amene afika ndi galimoto ya kampani, nadya cakudya ca kampani, nawerenga buku m'ofesi osatsika pansi, adzapeza zonse ziri bwino caka ndi caka. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

WONGA PA MSEU NDI M'NYUMBA

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya a m'migodi okha. Wonga umayenda pa miseu imene ana athu amaoloka popita kusukulu. Pa 20 January 2022 lole yonyamula wonga wa kumgodi wa golide inagundana ndi njinga yamoto pa mudzi wa Appiatse ku Ghana, niyamba kuyaka. Anthu ena anayandikira kudzaona moto. Lole inaphulika, anthu osacepera 13 nafa, ndipo pafupifupi mudzi wonse unagwa. Boma la Ghana linalipiritsa kampani ya Maxam madola 6 miliyoni. Pa 4 August 2020 matani 2,750 a amoniyamu naitireti, amene anakhala pafupifupi zaka 6 m'nyumba ya katundu pa doko la Beirut ku Lebanon, anaphulika ndi kupha anthu oposa 200. Akuluakulu anali atalandira makalata ocenjeza, koma ali yense anayesa kuti ndi nchito ya ofesi ina. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

Tsono tibwere kwa abale athu a timigodi tating'ono ndi a makwale. Iwo amati, ofesi ya malaisensi iri kutali, mapepala ace ali m'Cingelezi cobvuta, kumanga magazini kufuna ndalama zimene tiribe, ndipo mwini kampani yaikulu amapeza zonse msanga pamene ife tingoyenda ulendo wopanda pace. Dandaulo limeneli tilimva, ndipo Boma liyenera kulimva. Lamulo limene munthu wosauka sangathe kulitsata ngakhale atafuna limamukankhira kwa mbala. Iye amagula wonga wobedwa pa mgodi, wosadziwika zaka zace, naubisa pansi pa bedi pamene mkazi wace aphika pa mbaula m'cipinda comweco. Dainamaiti wokalamba amacita thukuta la mafuta aja oopsa, ndipo angaphulike ndi kugwa cabe kucokera pa tebulo.

Koma tiwafunse abale athuwa: kodi mankhwala a ofesi yakutali ndi kutentha nyumba ya mnansi wako? Khoma la m'komboni ndi njerwa imodzi. Amene agona kuseri kwace sanapangane nawe za wonga wako. Njira yoongoka ndiyo yakuti laisensi iyandikire kwa anthu, ndi kuti mayeso ace akhalebe olimba monga ayenera.

ZIMENE TIFUNA

Coyamba, Boma liwonjezere oyendera migodi ndi mafakitale a wonga, liwapatse galimoto zao ndi mafuta ao, liwalipire bwino, ndipo azifika osalengeza, usana kapena usiku. Insipekitala wopempha thandizo la ulendo kwa munthu amene afuna kumuyendera wamangidwa kale manja.

Caciwiri, maphunziro ndi mayeso a kuphulitsa afike m'maboma onse m'mene muli migodi ndi makwale, ndipo azicitika m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga, m'Cikaonde ndi m'zinenero zina za anthu, pakamwa ndi pa thanthwe penipeni. Munthu angakhale wosadziwa Cingelezi koma wodziwa dzenje lokana. Koma amene alephera mayeso alephere ndithu, ngakhale akhale mphwa wa nduna.

Cacitatu, a timigodi tating'ono athandizidwe kupanga magulu, kuti gulu limodzi likhale ndi magazini imodzi yololedwa, kutali ndi nyumba za anthu, ndi wophulitsa mmodzi wa laisensi wotumikira onse. Mutu umodzi susenza denga.

Cacinai, pa nchito iri yonse yopanga, yonyamula kapena yolonga wonga pasalembedwe waganyu. Akhale anchito okhazikika, ophunzitsidwa asanayambe, olembedwa maina ao ndi maina a abale ao m'buku, ndiponso omasuka kulowa m'cigwirizano ca anchito. Wanchito amene akana kulowa m'utsi kapena kuboola pa nkhope yosatsukidwa atetezedwe, ndipo bwana womucotsa cifukwa ca cimeneco aimbidwe mlandu.

Cacisanu, ngozi iri yonse ya wonga imene yapha munthu ifufuzidwe, ndipo lipoti lace lisindikizidwe poyera ndi kumasuliridwa m'zinenero zathu. Amasiye ali ndi ufulu wa kudziwa cimene cinapha munthu wao, ndipo anchito a pa migodi ina ayenera kuphunzirapo. Lipoti lotsekeredwa m'kabati silipulumutsa munthu.

Cacisanu ndi cimodzi, makhonsolo aleke kugawa mapuloti pafupi ndi magazini ndi makwale, ndipo malole a wonga akhale ndi njira zao ndi nthawi zao, asaime pa misika, pa masukulu kapena pa mabawa. Kampani yophulitsa pafupi ndi komboni idziwitse anthu tsiku ndi ora, ndipo ilipire msanga nyumba zimene zang'aluka.

KWA IFE ENI

Sitingatsirize popanda kudzudzulana tokha, pakuti wonga umene uli m'makomboni sunayende ndi miyendo yace. Unatuluka pa geti m'cikwama ca cakudya ca wanchito mnzathu. Amene acita cotere amati ali kubera kampani, koma kampani siimva kuwawa kwa madetoneta 10. Amene adzamva kuwawa ndi mwana amene adzatola kacitsulo konyezimira pa dzala nakagogoda ndi mwala. Enanso amaponya wonga m'mitsinje kuti aphe nsomba, napha ndi tiana tomwe ta nsomba, ndipo ena a iwo abwerako opanda dzanja.

Inu a laisensi, musaike dzina lanu pa nchito imene simunaione ndi maso anu, ndipo musabwereke laisensi yanu kwa munthu wina ngakhale akhale mlamu wanu. Inu oboola, musayambe nchito pa nkhope imene mwini laisensi sanaitsuke. Inu acinyamata olowa kumene, funsani, pakuti safunsa anadya phula. Amai ndi abambo, uzani ana kuti kacitsulo konga ndudu kokhala ndi waya kapena cingwe asakakhudze, aitane wamkulu, ndipo wamkuluyo aitane apolisi. Mukaona lole ya wonga iri kuyaka pa mseu, musatenge ndowa kapena foni yojambulira. Thawani kutali, ndipo mukuwe kuti ena athawenso.

Nyuzi ino musaipinde ndi kuikulungira nsomba. Iwerengeni mokweza kwa anzanu osatha kuwerenga, pa basi ya kunchito ndi pa msika. Pa msonkhano wotsatira wa nthambi ya cigwirizano canu, wina aimirire nafunse mafunso atatu awa: kodi insipekitala anafika liti komaliza pa malo athu, kodi anatsika pansi kapena anathera m'ofesi, ndipo ndani pakati pa ife amene amalonga wonga alibe laisensi? Mayankho ace alembedwe m'buku la msonkhano, ndipo kalata ipite kwa phungu wa dera lanu ku Nyumba ya Malamulo, yosainidwa ndi anthu ambiri monga mungathe.